Mkono wa Kabatani

Ine kusoka sindidziwa, ndipo sindinayambe ndanamizapo munthu kuti ndimadziwa. Batani likathothoka pa bulauzi ndimangobayapo pini n'kumapita. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamakamba nkhaniyi amaloza chala atelala, pamene wolakwa woyamba ndi singano yanga.

Ndimaphunzitsa kusukulu ya mkaka, kalasi ya ana a zaka zinayi. Ana amanditchula kuti Anti, makolo nawonso Anti, moti dzina langa lenileni ndimalimva kuchipatala kokha akamaitana pamzere. Chipinda chathu ndi chachitali, chopanikizika, chili kuseri kwa nyumba ya Madamu, eni sukulu. Muli kapeti yobiriwira imene inayamba kuonetsa ulusi pakati, timipando makumi awiri ndi titatu, ndi mzere wa misomali yokolekapo zikwama. Pamwamba pa msomali uliwonse ndinamatapo chithunzi kuti mwana adziwe pake: uyu nsomba, uyu galimoto, uyu tambala. Zenera limayang'ana kumsewu, kumene omata matayala amagogoda zitsulo tsiku lonse.

Msomali wachisanu ndi chiwiri, wa chithunzi cha ambulera, unali wa Kajuzi.

Dzinali anamupatsa ndi anzake, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinalitola. Mtsikanayu anabadwa ndi mkono wamanzere wothera pansi pang'ono pa chigongono. Ankavala juzi yotuwa tsiku lililonse, kaya kuzizire kaya dzuwa liswe mtengo, ndipo mkono wa juziyo ankaulowetsa m'thumba la siketi kuti azioneka ngati wangopisa dzanja m'thumba. Mwana wa zaka zinayi kudziwa kale kubisa! Thukuta linkayenderera m'khosi, koma ukangoigwira juziyo ankakuwa mpaka omata matayala kusiya nyundo.

Vuto lalikulu linali nthawi yoimba. Timagwirana manja n'kupanga bwalo. Amene waima kumanzere kwa Kajuzi ankasowa chogwira, ndiye ankabisa dzanja lake kumbuyo, bwalo n'kukhala ndi mpata ngati m'kamwa mwa mwana woguluka dzino. Ana aja sanali ankhanza, ayi. Ankangothamangira kukaima kwina, ndipo kuthamangako Kajuzi ankakuona.

M'mawa uliwonse ankalira pageti. Amayi ake amagulitsa m'shopu ya nsapato pafupi ndi pokwerera mabasi. Ankafika atavala kale yunifolomu ya kuntchito, n'kumamatula zala za mwana pa siketi yawo chimodzichimodzi. Tsiku lina anandikokera pambali.

"Anti, ine ndatopa. Teremu ino ikatha zili chonchi, ndimuchotsa. Azikhala nane kuseri kwa kauntala, kumeneko kulibe womuyang'anitsitsa."

"Mayi, kuseri kwa kauntala kulibe anzake."

"Nanga kuno ali nawo?"

Ndinangowapempha kuti andipatse miyezi iwiri.

Mwezi womwewo Madamu ananditumiza ku maphunziro a masiku awiri, poti iwowo akakhala pamsonkhano amawodzera. Mu holo tinalimo aphunzitsi a mkaka oposa makumi anayi. Mayi wina wa mawu osalala anatsegula sutikesi n'kutulutsa zidole zimene ndinali ndisanazionepo: china chili pachikuku, china chagwira ndodo yoyera, china chachialubino, china chavala kachipangizo m'khutu. Anati mwana ulaliki samva, koma chidole amachimva. Ukachipatsa dzina, kwawo, ndi zimene chimakonda, ana amachitenga ngati mnzawo, ndipo akazolowera chidolecho, munthu weniweni sawadabwitsanso. "M'mera mpoyamba," anatero katatu konse, ife n'kumagwedeza mitu. Tinazinyamula zidolezo, tinajambulitsa nazo. Pomaliza mayi uja anazibwezera zonse musutikesi n'kutseka zipi. Ife tinabwerako ndi satifiketi ndi cholembera.

Koma ine ndine munthu waliuma. Ndinang'amba pilo wakale, ndinasonkhanitsa masokosi opanda anzake, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinakhala pakhonde ndikudzibaya zala. Panatuluka zidole zinayi. China ndinachipangira magalasi a waya. China chinali ndi mwendo wokhota ndi ndodo ya pensulo. China chinali cha sokosi yoyera, tsitsi la ulusi wachikasu ndi kachipewa. Mng'ono wanga atazipenya anafunsa ngati ndayamba ulimi, poti izi n'zoopsezera mbalame.

Chachinayi ndi chimene ndinkachifuna kwenikweni, zinazo zinangoperekeza. Chinali cha sokosi yofiirira, maso ake mabatani, limodzi lalikulu lina laling'ono. Mkono wamanzere ndinaufupikitsa dala n'kuutseka kumapeto ndi ulusi wakuda, poti wofiirira unandithera. Msokowo unakhota, thonje n'kumasuzumira.

Lolemba ndinayamba ndawaonetsa Madamu.

"Izi ndiye za kumaphunziro zija?"

"Ndi zomwezi, Madamu. Ndimati tilembe kalata kwa makolo, tiwafotokozere chifukwa chake zidolezi zili chonchi."

"Kalata? Kuti anthu azinena kuti pano tikuphunzitsa ana kulumala? Makolo amabweretsa ana kuno kuti aziwerenga mpaka handiredi. Sewerani nazo m'kalasi mwanumo, koma pepala la dzina la sukulu yanga lisatuluke pageti." Anatola cha mabatani chija ndi zala ziwiri. "Ndikudziwa amene mukumulimbikira. Mwana ameneyo mphunzitseni kuimba basi. Ukaipa dziwa nyimbo."

Mawu amene anafika pakhosi panga ndinawameza, chifukwa ntchito ndimaifuna.

Mayina anapereka ndi ana eni ake: Magalasi, Kandodo, Mwezi, ndi Kabatani. Ndinamukhazika Kabatani pabondo panga n'kunena kuti, "Uyu ali ndi zaka zinayi. Amakonda nthochi, amaopa agalu, ndipo anabadwa ndi mkono umodzi wautali, wina waufupi." Mitu yonse inatembenukira kwa Kajuzi. Iye anayang'ana pazenera.

Sabata ziwiri zoyamba zinandigwetsa mphwayi. Ndikangopotoloka, pakona pasanduka chipatala. Zidole zonse zinayi zinkagonekedwa pamzere, kubayidwa jekeseni wa pensulo, kumwetsedwa mankhwala a m'chivindikiro cha botolo. Palibe amene ankapita nazo kushopu kapena kukwera nazo basi ya timipando. Ndinkanena mpaka mawu kusasa: "Sakudwala, ana inu! Kabatani ali bwinobwino, anabadwa choncho." Iwo n'kumayankha kuti, "Inde, Anti," jekeseni ali m'manja.

Sabata yachitatu ndinkaonetsa mmene Kabatani amamwera tiyi. Ndinamugwiritsa kakapu ka pulasitiki ndi dzanja limodzi, kakapu n'kugwa. Ndinayesanso, kanagwanso. Ana anafa nacho chiseko.

"Sagwira choncho."

Mawuwo anachokera kumbuyo, pafupi ndi misomali. Chiyambire chaka, Kajuzi anali asanayankhulepo m'kalasi popanda kufunsidwa.

"Amagwira bwanji nanga?" ndinatero. "Ine ndine mbuli, tabwera undiphunzitse."

Anabwera akukoka mapazi. Anatenga kakapu, anakapanikiza pachifuwa cha chidole ndi kamkono kakafupi kaja, dzanja linalo n'kugwira chogwirira. Kakapu kanakhala. Poona kuti anzake sakumvetsa bwino, anasolola mkono wa juzi m'thumba, anaupinda mpaka m'mwamba, n'kuonetsa ndi mkono wake womwe. Unali wosalala, wozungulira kumapeto, uli ndi kakhwinya kamodzi. Ngakhale ine ndinali ndisanauonepo.

Tili ndi mapasa m'kalasimo, atsikana, amene ndimawasiyanitsa ndi pakamwa pokha: wina wolongolola, wina wachete. Wolongololayo ndi amene anayamba.

"Umapweteka?"

"Ayi."

"Ndigwire?"

Kajuzi anaganiza kaye. "Koma usatsine."

Kuyambira tsiku limenelo mphunzitsi wa za Kabatani anali iyeyo. Anatiphunzitsa mmene Kabatani amatsegulira botolo atalipana m'khwapa, mmene amavalira sokosi, mmene amanyamulira mpando. Anzake ankayeserera atabisa dzanja limodzi kumbuyo, n'kumalephera, iye n'kumawaseka. Ine tsiku lililonse ndinkabwereza mawu amodzimodzi, ana n'kumavomera: "Kabatani ndi ngati Kajuzi, Kajuzi ndi ngati Kabatani. Onse ndi athunthu." Mawu amenewa ndinapeka ndekha ndipo ndinkawanyadira. Ndinafika powalemba pachikuto cha buku langa.

Lachinayi lina kunatentha kwambiri. Kajuzi sindinamuuze kanthu. Ndinangoona wavula juzi yekha, wakaikoleka pa msomali wa ambulera, wabwerera pakapeti. Nthawi yoimba itakwana, mapasa wachete uja anaima kumanzere kwake n'kugwira kumapeto kwa mkono, bwinobwino, mosachita nazo chidwi. Bwalo linatsekeka. Nyimbo ndinaisokoneza ndine. Amayi ake atabwera masana anapeza juzi ili m'chikwama. Anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, kenako anangoti, "Zikomo, Anti," mofulumira, n'kutuluka.

Panali chinthu china chimene ndinatenga kumaphunziro kuja. Lachisanu lililonse zidole zinkakagona kunyumba za ana. Chilichonse ndinachisokera kachikwama kake. Pa nthawi yoweruka ndinkazikhazika pa kabenchi ka pakhomo, ana amene yafika nthawi yawo n'kuzitenga, Lolemba n'kudzatiuza zimene chidole chadya ndi kumene chayenda. Tinkatsata mzere wa misomali. Lachisanu limenelo Kabatani anagwera mapasa, poti misomali yawo ndi yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi. Sabata yotsatira ikanakhala ya Kajuzi.

Kajuzi anawatsanzika ngati mayi wopereka mwana kwa mlezi. "Pomuveka diresi muziyamba mkono waufupi. Ndipo musamuyandikize kwa agalu."

Amayi a mapasa ndi telala, ali ndi makina awiri pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndi mayi wa mtima wabwino, wosatha kuona chinthu chong'ambika n'kuchidutsa. Tsiku lina anandisokera lamba wa chikwama ndili chiimire pageti, osafunsa n'komwe. Ndinaganiza zowauza za mkono wa Kabatani. Ndinaganizadi. Koma pakhomo pa kalasi Lachisanu ndi pankhondo: uyu wataya nsapato, uyo wadzikodzera, galimoto ikuimba hutala kumsewu. Komanso, ndinene zoona, ndinachita manyazi kuti telala aone msoko wanga ine ndili pomwepo. Ndinakankhira chidole m'kachikwama n'kumanga pakamwa pake.

Lolemba mapasa analowa akuthamanga, amayi awo ali pambuyo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Anti, ndakuchitirani kanthu kakang'ono, musakwiye."

Anamasula kachikwama. Poyamba sindinamuzindikire. Maso anali ofanana tsopano, diresi latsopano la maluwa, msoko wa pamimba wowongoka. Ndipo kumanzere kunali mkono. Mkono wokongola, wa nsalu yofanana ndendende, zala zisanu, chilichonse chili ndi kachikhadabo ka ulusi wofiira. Unkachititsa manyazi wakumanja umene ndinasoka ine.

"Ndinaona kuti ana anakathothola mkono, inu n'kungotsekapo mwachangu," anatero atelala akumwetulira. "Awa kumandiuza kuti ayi amayi, anabadwa choncho. Ine ndikuti, chidole chimabadwa? Zina zija muzitumizenso. Kaja ka ndodo ndikawongola mwendo, ndi ntchito ya mphindi khumi."

Ana anali atatizungulira kale. Wolongolola analanda chidole n'kuchikweza m'mwamba.

"Kabatani wachira! Amayi amukonza!"

"Wachira! Wachira!" kalasi yonse inavomera, ikuwomba m'manja ndi kudumpha. Sindinawaphunzitse nyimbo imeneyo, koma anaiimba bwino kuposa zonse zimene ndinawaphunzitsa. Mwezi wathunthu wa "sakudwala" unapita ndi mphepo ine ndikuona.

Kajuzi ndinamufunafuna ndi maso. Anali ataima pa msomali wake, chikwama chikadali paphewa. Sanalire. Akanalira bwenzi ndikudziwa chochita. Anadikira phokoso lichepe, kenako anabwera n'kugwira dzanja latsopanolo. Anawerenga zala, anatembenuza mkono kuti aone pamene alumikizira, anaukoka pang'ono kuti aone ngati uli wolimba. Atatero anakweza maso kwa atelala.

"Zinapweteka?"

"Chiyani, mwanangu?"

"Pomusoka."

Atelala anaseka. "Ayi ndithu. Sanalire n'komwe, ndi wolimba mtima ameneyu."

Atayankha m'pamene anaona bwino amene akuyankhula naye. Kajuzi anali asanavale juzi. Kuseka kunazima pankhope pawo. Anayang'ana chidole, anayang'ana mwana, anayang'ana ine, dzanja lili pakamwa.

"Mayo ine," ananong'ona.

Pa nthawi yopuma ndinatenga Kabatani ndi sizasi n'kulowa m'kachipinda kosungiramo matsache. Ndinali nditaika kale sizasi pamsoko pamene Madamu anakankha chitseko.

"Mukadula, ana mukawauza chiyani? Kuti Anti amudula mkono? Mawa makolo onse ali pageti panga."

"Ndiye nditani, Madamu? Mukanalola kalata ija bwenzi..."

"Musandiyambe dala. Pakamwa munali napo. Munawauza atelala? Walira mvula walira matope, Anti."

Zinandiwawa chifukwa ankanena zoona. Atatuluka ndinaimabe momwemo, pakati pa matsache ndi ndowa, ndikusinkhasinkha. Ndikadula, Kajuzi aona kuti mkono waufupi ndi mkono umene wina wadula. Ndikausiya, aona kuti ndi mkono umene ukudikira kusokedwa. Njira yachitatu ndinaifuna osaipeza. Sizasi ndinaibwezera mu dirowa.

Musaganize kuti ndinangokhala. Lachiwiri ndinawauza ana kuti Kabatani sanachire, chifukwa sankadwala, wangovala mkono wobwereka. Wolongolola anaukoka mkonowo n'kunena kuti, "Siuchoka, Anti, ndi wake." Ndinasoka chidole china cha mkono waufupi, ulendo uno ndi ulusi wofiirira, msoko wowongoka mmene ndingathere. Lachitatu nditachikhazika pakapeti, ana anachimvera chisoni kwambiri, ndipo anagwirizana onse kuti nachonso chipite kwa amayi a mapasa.

Atelala anabwera tsiku lomwelo maso ali psuu. Anati asomola mkonowo pomwepo, anati asoka zidole khumi za mikono yaifupi, anati apita kukapepesa kwa amayi a mwana.

"Madzi akatayika saoleka, mayi," ndinawayankha. Ndinayankhula mwaukali kuposa mmene ankayenerera. Mkwiyowo unali wanga ndi ine mwini, iwo anangoima pafupi.

Chodabwitsa chinali Kajuzi. Ndinkayembekezera kuti juzi ibwerera, koma sinabwerere. Ankaimba, ankadya chakudya chake chonse, ankagawira mapasa mabisiketi. M'mawa uliwonse ankandifunsa kuti, "Anti, lero ndi lachingati?" Ndikamuuza, ankawerenga pa zala zake masiku otsala. Ine mbuli ndinadzitonthoza. Ndinati ana amaiwala msanga. Ndinati akuwerenga chifukwa Lachisanu ndi tsiku lake lotenga Kabatani.

Lachisanu m'mawa amayi ake anafika nkhope ili ngwee.

"Anti, mwamuchita chiyani mwanayu? Wadzuka yekha, wasamba osalimbana naye, walongedza yekha chikwama mpaka mswachi. Zija ndinanena zija muiwale. Teremu ya mawa abweranso."

Ndinawathokoza. Mawu akuti mswachi anandikhala m'mutu m'mawa wonse, koma ndi ana makumi awiri ndi atatu munthu sumaliza ganizo.

Itakwana nthawi yoweruka ndinakhazika zidole pa kabenchi, chilichonse ndi kachikwama kake. Ndinatembenuka kuti ndimange zingwe za nsapato za mwana wina. Pobwerera ndinapeza Kajuzi wakhala pa kabenchipo, pakati pa Mwezi ndi Kandodo, chikwama chili pamiyendo, mapazi atawalumikiza bwinobwino.

"Iwe, amenewo ndi malo a zidole. Dzuka utenge Kabatani, lero akagona kwanu."

"Ayi, Anti. Kabatani anapita kale. Lero ndi ine."

"Iwe kupita kuti?"

"Kwa amayi a mapasa."

Makolo anali atayamba kufika pakhomo, ndipo atelala anali pakati pawo. Kajuzi atawaona anatsegula chikwama. Munali diresi logonera, mswachi, ndi sokosi imodzi yaitali ya amayi ake, yofiirira. Anaitambasula pa mkono wake waufupi.

"Ndabweretsa nsalu yake," anawauza atelala. "Taonani, ikufanana. Ndinayesa zonse, iyi ndi imene ikufanana. Zala zisanu, koma zikhadabo zofiira ayi, amayi amakaniza. Sindilira."

Atelala anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ine ndinagwada pakapeti.

"Mwanangu, tamvera. Anthu sasokedwa. Singano ija ndi ya nsalu basi."

"Kabatani anamusoka."

"Kabatani ndi chidole."

Anandiyang'ana m'maso.

"Munati Kabatani ndi ngati ine. Munanena nokha. Tsiku lililonse."

Zaka khumi ndi zinayi ndili m'kalasi, ana andifunsapo za Mulungu, za imfa, za kumene makanda amachokera, ndipo nthawi zonse ndimapeza pothawira. Apa chimene chinatuluka ndi mawu anga akale omwe aja.

"Iwe ndiwe wathunthu. Palibe choti akukonze."

"Nanga bwanji anawomba m'manja?"

Sindikudziwa kuti amayi ake anafika nthawi yanji, koma anamva zokwanira. Anadutsa pakati pa makolo ena osapereka moni. Anachotsa sokosi pa mkono wa mwana n'kuipinda m'thumba la yunifolomu. Anatulutsa juzi pansi pa chikwama n'kumuveka. Apa m'pamene Kajuzi anayamba kukuwa. Anakumbatira mwendo wa kabenchi, zidole n'kugwera pansi.

"Ndi tsiku langa! Anti, auzeni kuti ndi tsiku langa!"

Amayi ake anamatula zala zija chimodzichimodzi, monga ankachitira pageti, n'kumunyamula. Atafika pakhomo anaima. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandilalatira.

"Anti, mwana wanga ankadziwa kuti alibe dzanja. Tinkalira, koma tinkakhala. Zoti pali pena pamene angakalipeze, mwamuphunzitsa ndinu."

Lolemba msomali wa ambulera unalibe chikwama. Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinaimba foni katatu, sanayankhe. Patapita sabata ziwiri Madamu anabweretsa mwana watsopano n'kundiuza kuti ndimupatse msomali umenewo, poti khoma silikula. Atelala anasiya kudzatenga mapasa, amatuma mchemwali wawo.

Zidole zikadalipo. Madamu amazionetsa kwa alendo, amati ndi njira yamakono. Kabatani tsopano ndi amene ana amamulimbirana: amapita kushopu, amakwera basi ya timipando, anachitapo ukwati kawiri. Magalasi, Kandodo, Mwezi ndi chatsopano chija akadali m'chipatala cha pakona. Ndimanenabe kuti sakudwala, ana amayankhabe kuti inde Anti.

Patatha mwezi ndinadzera pokwerera mabasi, ngakhale si njira ya kwathu. Ndinaima pa shopu ya nsapato ndikunamizira kuyang'ana za pazenera, kenako ndinalimba mtima n'kulowa. Munkanunkha chikopa chatsopano. Amayi a Kajuzi anali atagwada, akumuyesa nsapato bambo wina. Atandiona anaimirira n'kupukuta manja.

"Takulandirani, mayi. Mukufuna saizi yanji?"

Ndisanayankhe, kuseri kwa kauntala kunatuluka kamutu.

"Anti!"

Anali atakhala pa katoni, atavala juzi yotuwa ija. Anandibayibitsa ndi dzanja lamanja. Mkono wa juzi wakumanzere sunali m'thumba. Unkalendewera uli wodzaza mpaka kumapeto. Anali atauphatikamo mapepala oyera aja amaika m'nsapato zatsopano, n'kumanga pamkono ndi chingwe cha nsapato.

"Taonani, Anti, ndakonza ndekha."

Anaukweza kuti ndione bwino. Unapindika pakati, chingwe chinamasuka, mapepala n'kugwera pansi. Sanandiyang'anenso. Anatsika pa katoni, anagwada, n'kuyamba kuwatola limodzilimodzi, akuwabwezera momwemo.